Sutukesi ya Sekuru Enoki Yatsegulidwa

Komiti ya Gulu la Beni la Tigwirizane, Wadzanai, Shamva
Tsiku: Loweruka, 12 Seputembala 2015
Malo: Pakhonde la Mayi Muriel Sakala

Opezeka: Bambo Tobiasi Mbewe (wapampando), Mayi Fainess Nkhoma (mlembi), Mayi Muriel Sakala (msungichuma), Bambo Yotamu Kamanga, Sekuru (Agogo) Enoki Milanzi (oitanidwa).
Opepesa: Bambo Trymore Zuze (ali pa shifiti kumgodi).

1. Kutsegula
Mayi Sakala anapemphera nthawi ya 2 koloko.

2. Ndalama za yunifomu za 2009
Wapampando anakumbutsa kuti mu Januwale 2009 mamembala anasonkha ndalama zosokera yunifomu, koma telala anazikana ponena kuti zatha mphamvu, sizigulanso ngakhale batani. Sekuru Enoki, msungichuma wa nthawiyo, ankanenedwa kuti anadya ndalamazo, ndipo kuyambira apo sanavinenso.

Mayi Sakala anafotokoza kuti atamva zoti mabanki akusintha ndalama zakale mpaka pa 30 Seputembala, Sekuru anabwera kwawo ndi sutukesi yomanga ndi waya. Anawerenga limodzi napeza madola akale a dziko lino okwana mathiriliyoni 600, ndendende ndi zolembedwa m'kope la Sekuru. Munalinso thumba la makobili amene ankasonkhedwa zaka za m'mbuyo.

Lachiwiri awiriwa anapita ku Bindura. Sekuru anavala jekete ndi tayi, ndipo mu kombi (minibasi) anakana kuti sutukesi ikwere pamwamba. Kubanki analandira madola awiri a ku Amereka ndi masenti 40. Makobili banki inawakana, choncho anabwerera nawo. Ulendo wonse unadya madola anayi.

Msonkhano unaima pang'ono chifukwa cha phwete.

3. Kupepesa
Bambo Kamanga anati iwo sananenepo kuti Sekuru ndi wakuba, anangofunsa. Mayi Sakala anati anafunsira kubawa, mokweza, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo Kamanga anavula chipewa nati: "Sekuru, ndakatadza, ndinalakwa. Pakamwa pangapa pandipachika. Mundikhululukire."

Sekuru Enoki anayankha: "Mwanangu, ine ndimadziwa kuti mapepalawa ndi zinyalala. Ndimasunga dzina langa." Anapempha kuti mawuwa alembedwe, ndipo alembedwa.

4. Zogwirizana
(a) Ndalama zolandiridwazo zigule zakumwa zoziziritsa kukhosi, Sekuru ayambe kusankha.
(b) Bambo Kamanga abweze madola anayi a kombi. Anadzipereka okha, ataponderezedwa.
(c) Makobili aikidwe m'zitini kuti akhale maseche.
(d) Sekuru abwerere pa udindo wotsogolera mzere. Onse anavomera.

5. Zina ndi zina
Sekuru anapempha wezulo yawo yakale. Zinadziwika kuti ili kwa Bambo Kamanga. Anatumidwa kukaitenga nthawi yomweyo, ndipo anapita chothamanga.

6. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 10 Okutobala 2015, malo omwewa.

7. Kutseka
Pemphero lotsekera silinamveke bwino chifukwa Sekuru anali atayamba kale kuimba wezulo pabwalo, anthu a m'nyumba zoyandikana atatuluka kudzaonerera. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4:10, nakalowa mumzere.

T. Mbewe, Wapampando ____________
F. Nkhoma, Mlembi ____________