Chimbale cha Hajira Chafika kwa Ababa

Likhubula,
Mulanje.
19 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Hajira,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ine ndili bwino, kungoti bondo limandivuta ndikatsika m'phiri ndi katundu wa alendo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndimachita chibwibwi, ndipo zimene ndili nazozi sizingatuluke bwino.

Chimbale chanu chinafika ndi adalaivala munawapatsira aja. Munati ndikuuzeni zoona mmene ndachimvera, ndiye nazi. Nyimbo yachiwiri mwaposa mwini wake. Ija tinkaimva pa wailesi tili ana inali yothamanga, koma inu mwaikhazika pansi, mwaikanso gitala wolira ngati wa kwathu kuno. Ndinaibwereza kasanu ndipo nyemba zinapserera pamoto. Yachinayi sindinaikonde. Ng'oma za makinazo zikukukwirirani, mukumveka ngati mukuitana munthu muli kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Amene anatchera makinawo mumuuze kuti ife tikufuna kumva inu. Yomaliza ndi yokoma, koma mawu akumveka osasa. Kodi munali ndi chimfine? Muli ndi juzi yokwanira?

China chikundisowetsa mtendere. Nyimbo khumi zonsezi ndi za eni. Munawapempha? Ndimaopa kuti tsiku lina adzakumvani n'kukutumizirani apolisi, inu muli m'dziko la eni. Komanso Chingerezi changa ndi cha sitandade folo, ndiye ndinapempha a Phillip, amene amatsogolera alendo m'phiri, kuti andimasulire, kuopa kuti mwina muli zotukwana. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti zonse n'zachikondi basi.

Tsopano ndinene cholakwa changa. Munandiuza kuti chimbalechi ndimve ndekha, makamaka ababa asachimve. Koma ine choimbira chimbale ndilibe, ndiye ndinapita nacho ku Chitakale kwa Pilato, mnyamata wolowetsa nyimbo m'mamemori, kuti andiikire mu foni. Sindinaganize kuti zitsala mu kompyuta yake. Pasanathe sabata ndinakumvani mu minibasi. Ndinabwerera kwa Pilato kuti afufute, iye n'kundiyankha kuti, "Achimwene, mwachedwa. Anthu akuzifuna kuposa zonse. Munyadire!"

Lolemba lapitalo ndinapita ku Chinakanaka kukaona ababa pakhonde pomwe amasokera. Ometa tsitsi a pafupi aja anatsegula wailesi yawo, ndipo munali inu. Ndinayamba kukamba mokweza za mtengo wa feteleza kuti asamve. Iwo anasiya kupalasa makina.

"Ramadani, takhala chete. Akuimbayu ndani?"

"Kaya, ababa. Mwina ndi wa ku Zambia."

"Usandiyese mwana. Ndani wina amakoka mpweya chotere asanakweze mawu? Ku madarasa ankatero."

Ndinadikira kuti akalipe ngati tsiku lija munachoka, pamene ananena kuti mwana wamkazi woimba m'mahotela si wawo. Koma anamvetsera mpaka nyimbo inatha, nsalu ili m'manja. Kenako anafunsa kuti, "Wapeka yekha?" Ndinati ayi, ndi za eni. Anati, "Hmm," n'kuyambanso kupalasa. Msoko umenewo unakhota, anachita kuusomola.

Masiku anayi ababa sanatchulenso za nyimboyo. Ndinkaganiza kuti ndakutsekerani khomo limene mwina likanadzatseguka lokha. Ngati mwakwiya nane, muli ndi chifukwa, ndipo ndikupepesa ndi mtima wonse.

Amayi akupereka moni, akuti mudzatumize chithunzi chooneka nkhope bwino, aone ngati simunaonde. Alamu anu ndi ana akupereka moni.

Pali bodza lina loti ndiulule. Zaka zitatu zonsezi, pafoni ndi m'makalata, ndakhala ndikunena kuti ababa akupereka moni. Sanaperekepo. Ndinkangonena kuti musalire muli nokha kutali. Dzina lanu sankalitchula n'komwe.

Koma Lachisanu tikutuluka mu mzikiti, akuvala nsapato, anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Kodi Hajira umamulembera?" Ndinavomera. Anati, "Umuuze kuti nyimbo yachinayi ija ng'oma zachuluka. Ndipo akadzabwera pa Idi adzandiimbire yakeyake, za eni ndamva. Umupatse moni."

Zikuoneka kuti anakamvetsera chimbale chonse kwa ometa tsitsi aja. Ndinawafunsa kawiri ngati ndamva bwino, mpaka anandikalipira.

Ndiye landirani moni wa ababa, achemwali. Uno ndi weniweni.

Ndine mlongo wanu,
Ramadani