Nkhata ya Maliro a Munthu Wamoyo

Lamlungu, 27 Epulo

Tataya ina ya besibo. Polowa chigawo chomaliza, chachisanu ndi chinayi, tinali patsogolo 4-2. Nyimbo yake kulira, bwalo lonse chilili, wotseka wathu Tak Du-ho kutuluka ku khola la oponya akuthamanga ngati masiku onse. Womenya woyamba wadutsa waulere. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu wautumiza mpira kuseri kwa mpanda. 5-4. Kachitatu mwezi uno.

Ntchito ya wotseka ndi imodzi basi, kugwetsa omenya atatu omaliza, tonse tizipita kwathu tikuimba. Zaka zinayi wakhala akuichita. Chaka chino mkono wakana.

Ndimaonera mu shopu yanga ya maluwa. Kuseri kwa khoma ndamva mayi ake, achemwali Eom, akuzimitsa wailesi mpira usanatere n'komwe. Kenako phokoso la mapoto okhaokha.

Madzulo kwa Ma wometa, mkangano wa besibo ngati kale. Bong wa takisi, wapampando wa gulu lathu la masapota, thukuta kamukamu: "Ameneyu mumpatse kiyi wa nyumba yanu, mawa mudzapeza ngakhale zitseko kulibe!" Akufuna Seol, woponya wa chigawo chachisanu ndi chitatu, akwezedwe azitseka. Ma akuti asamakhalepo wotseka mmodzi, amene wadzuka bwino tsikulo ndiye aziponya. Bong: "Timu si njinga yobwerekana, mdala iwe, meta anthu."

Ine ndati Seol ndi wazaka 21, chigawo chomaliza chimafuna mtima, osati liwiro lokha. Bong wanditembenukira: "Akulu, inu mukuyankhula ndi supu m'kamwa. Zaka makumi atatu mukumwa waulere kwa mayi ake, mungamunene?" Onse gwaa kuseka.

Zandiwawa. Za supuzo n'zoona. Chinanso n'chakuti mumtima ndikugwirizana ndi Bong.

Lachiwiri, 29 Epulo

Maluwa oyera afika abwino. Mvula pang'ono. Bondo likuwawa.

Bong m'mawa, takisi ataimika pokhota. Magulu a masapota agwirizana kukaimika nkhata za maliro pachipata cha bwalo Lachinayi, akuluakulu a timu achite manyazi. Nkhata makumi awiri, kuchokera m'mashopu osiyanasiyana. Gulu lathu imodzi. Mawu a pa riboni wabwera nawo pa kapepala: "Chigawo chomaliza chamwalira. Kochi dzukani." Palibe dzina la munthu.

"Ngati mukuopa aneba, nenani, tikaoda kwina. Sitikufuna mutaye supu wanu."

Ndati ndipanga. Ndayankha msanga kwambiri.

Sun-deok, mkazi wanga, anali kumbuyo akudula mapesi. Bong atapita wangoti, "Maluwa a maliro sachitira nthabwala, bambo a Mi-ran." Ndamuuza kuti za mpira sazidziwa.

Lachitatu, 30 Epulo

Ndapanga. Mizere itatu ya maluwa oyera, yaitali kundiposa. Yokongola, ndisaname.

Makina osindikizira mariboni ali bwinobwino. Ndikulemba zimenezi kuti mawa ndisadzadzinamize kuti anawonongeka. Ndatenga burashi ndi inki chifukwa ndinaganiza kuti pakati pa nkhata makumi awiri za makina, ya dzanja idzaoneka. Matama. Mwamuna wazaka 63.

Mawu a Bong ndinawaona opanda mchere. Ndalemba anga: "Mkono wa Tak Du-ho, usa mumtendere." Burashi inayenda yokha. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino, ndipo ndinakondwa. Ndinaganiza za nkhope ya Bong akamawerenga. Za wina aliyense sindinaganize.

Taitulutsira khomo lakumbuyo masana, nthawi imene achemwali Eom amakhala atapanikizika ndi makasitomala. Ndiye kuti ndimadziwa chimene ndikuchita. Munthu wosalakwa satulukira kumbuyo.

Kenako ndapita kukamwa supu wanga wa nsomba. Andiwonjezera nthuli ina. "Mukuoneka otopa, achimwene, idyani."

Ndadya zonse.

Lachinayi, 1 Meyi

Yaoneka.

Zithunzi paliponse pa foni. Nkhata makumi awiri pamzere, koma aliyense wajambula yanga. Pa nkhani za masana kamera inaima pa riboni nthawi yaitali ndithu. Bong kuimba foni akukuwa: "Akulu, mwatchuka! Ndabweza mawu anga onse, ndinu mwamuna!" Mphindi khumi ndinali wokondwa.

Kenako ndakumbukira. Pamwamba pa mphika wa achemwali pamapachikika riboni ya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene timu inamutenga Du-ho kuchokera kusukulu. Msika wonse unavina tsiku limenelo. Ndinalemba ndine: "Tak Du-ho, mkono wagolide wa msika wathu." Dzina lomwelo, dzanja lomwelo, kamchira komweko kamene ndimakoka pomaliza dzina. Amaiona tsiku lililonse akamatakasa supu.

Olemba ndi burashi mumzinda muno tatsala awiri. Winayo dzanja linayamba kunjenjemera kalekale.

Sun-deok wayang'ana foni, waiika pansi chafufumimba. "Ngakhale wakhungu angadziwe." 

Lachisanu, 2 Meyi

Teni koloko iliyonse achemwali Eom amagogoda khoma katatu ndi chipande, kundiuza kuti supu wapsa. Zaka makumi atatu. Tsiku lomwe tinaika bambo a Du-ho sanagogode, ndi sabata imene anali kuchipatala ndi ndulu. Basi.

Lero zii.

Ndadikira mpaka hafu pasiti. Ndadutsa ngati ndikupita kukataya zinyalala. Riboni kulibe. Patsala msomali, ndi malo oyera pakhoma lodetsedwa ndi utsi.

Andiona. "Mwadzuka bwanji, a Pyo." A Pyo! Chiyambire Du-ho akukwawa pansi pa tebulo langa n'kumadya masamba a maluwa, ndakhala achimwene.

Nkhomaliro mu shopu, mpunga wozizira ndi kabichi wowawasa wa kimchi. Sunatsike.

Lamlungu, 4 Meyi

Kochi wasintha. Dzulo Du-ho analowa chigawo chachisanu ndi chimodzi tikugonja 9-2, nthawi imene amalowetsa oti angomalizitsa masewero. Popanda nyimbo. Theka la anthu linali pamzere wa nkhuku yokazinga. Anagwetsa atatu, palibe anaomba m'manja.

Lero Seol watseka. 3-2, waponya kakhumi ndi kawiri, anthu atatu pansi. Nkhope yake ngati akugula nyuzipepala. Ndiye kuti pa za mpira Bong ananena zoona, ndi ine mumtima mwanga. Ndimaganiza kuti zikatero ndipepukidwa. Ayi ndithu.

Kwa Ma chikondwerero. Bong wabweretsa mowa wa soju. "Nkhata yagwira ntchito! Zimene walephera kochi mwezi wathunthu, akuluwa achita ndi burashi imodzi." Akangana kale za amene atenge chigawo chachisanu ndi chitatu. Wina wati Du-ho. Bong: "Maliro sabwerera kumudzi." Kuseka. Sindinaseke, koma sindinamuletse. Pakamwa panga ndiye pali kiyi wabwino, kuposa wa timu.

Ma pondimeta m'khosi, chapansipansi: "Mayi aja anabwera Lachisanu kudzandifunsa ngati ndinasonkha nawo. Anafunsa za Bong, za wogulitsa nsapato, za aliyense. Za iwe sanafunse."

Ndinalakalaka lumo litaterereka pang'ono.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndinakonza mawu m'bafa. Abwino ndithu. Kufika pa benchi ya achemwali, makasitomala anayi, mawu onse balala. Ndaitanitsa supu ngati mlendo. Andipatsa ngati mlendo, mbale ndi manja awiri, ulemu wonse. Ndalipira, alandira. Sanayambe alandirapo.

Sun-deok amapitabe kukawathandiza kukulunga mpunga m'mawa. Iye sanamusinthire. Ndamufunsa ngati anenapo kanthu. Poyamba wakana. Kenako, akumanga maluwa osandiyang'ana:

"Akuti mukanawauza kuti mwana wawo saponyanso bwino, akanavomera, maso ali nawo. Akuti anthu amutukwana zaka khumi ndi chimodzi, anazolowera. Koma akhala akupempha chinthu chimodzi chokha pamoyo wawo, kuti asadzaone dzina la mwana wawo pa maluwa oyera iwo ali moyo. Ndiye mwawaonetsa ndinu."

Nkhata za maliro ndapanga zikwi. Ndimadziwa mmene mayi amaimira patsogolo pake, mmene amawerengera dzina kawiri ngati mwina lisintha. Ndani mumsika muno amadziwa zimenezo kuposa ine?

Manyazi. Palibe mawu ena.

Lachitatu, 7 Meyi

Mawa Tsiku la Makolo. Maluwa ofiira shopu yonse, ana asukulu pamzere, zala zatupa ndi waya.

Cha m'ma 11 walowa munthu wamtali, chipewa chofika m'maso. Du-ho. Chaka chilichonse amaoda dengu la mayi ake pa foni. Chaka chino wabwera yekha, akuti masiku ano nthawi ali nayo yambiri. Waseka. Wawerama kundipatsa moni monga ankachitira ali mwana.

"Amalume, dengu lija. Riboni mulembe ndi dzanja ngati kale, amayi amakonda."



Za nkhata wayambitsa yekha. "Munaiona yanga ija? Anzanga ku khola akuti inaposa zonse, akuti ndafa bwino. Amene analembayo ndi katswiri, koma inu sakufikani." Sakudziwa. Mayi ake sanamuuze. Amuteteza iye, kapena ateteza ine, sindikudziwa, ndipo zonse ziwiri zikundiwotcha.

Akuti chala chapakati sichikugwira mpira monga kale, akuphunzira kaponyedwe kena, mwina pofika Julayi. Akuti Seol ndi mwana wabwino, ndipo iye amamuuza mwanayo kuti asamawerenge za pa foni. Potuluka: "Amayi akhala chete masiku ano, sakudya bwino. Muziwayang'anira, amalume, inu ndiye muli pafupi."

Ndati chabwino. Mpata unalipo, shopu inali itapepuka, Sun-deok anandiyang'ana kawiri. Ndati chabwino, ndamuperekeza pakhomo, ndamuuza kuti alimbe mtima.

Dengu ndapanga ndekha, maluwa osankha limodzilimodzi. Burashi ndinaitenga, ndinaibweza. Riboni ndasindikiza pa makina. Ndadziuza kuti ndikuwalemekeza, asaonenso dzanja langa. Sun-deok: "Mukudzilemekeza nokha."

Lachinayi, 8 Meyi

Ndalinyamula ndekha naini koloko, asanachuluke anthu. Masitepe asanu ndi awiri kuchoka pakhomo panga. Ndinawawerenga.

Anapukuta manja pa epuloni. Anayang'ana maluwa, anawanunkhiza. Anagwira riboni ndi zala ziwiri, kuitembenuza, kuimasula bwinobwino osaing'amba, n'kundipatsa.

"Makinawa sanandilakwire. Mwana wanga anapempha dzanja lanu."

Ndinayamba mawu anga a m'bafa aja. Anakweza chipande.

"Pepani wanuyo musungeni kaye. Si ine amene munandiika m'manda."

Du-ho abwera 12 koloko kudzadya asanapite ku bwalo. Akuti ndibwere ndi burashi ndi inki, ndikhale pa benchi pomwe ndimakhala, ndilembe dzina lake iye akuona. "Ali ndi maso ngati ine, kungoti amakukondani. Akaona kamchira kanu kaja, mumuuze nokha. Mukalephera, musadzadutsenso pano, zinyalala muzikatayira mbali inayo."

Ndinafunsa kuti nanga akakwiya. "Akwiye. Inu munakwiya chifukwa cha mpira, iye asakwiye chifukwa cha maliro ake?"

Sananene a Pyo. Sananenenso achimwene.

Bong waimba kawiri, wasiya uthenga, akufuna nkhata ina, akuti tsopano ya kochi wa omenya. Sindinayankhe.

11:20. Sun-deok watenga makasitomala onse, wandikankhira kumbuyo. Inki ndasungunula. Riboni yofiira yatsala imodzi yokha yaitali bwino. Ndikuyeserera pa nyuzipepala yakale. "Amayi, zikomo pondilera" akutuluka bwino. Dzina likukana. Kasanu konse, ndikafika pomaliza, dzanja likuima. Sabata yatha linayenda lokha.

Ndaganiza zosiya kamchirako. Ndikhoza kulemba mowongoka, sangadziwe, tingadye supu tonse atatu n'kumakamba za Julayi. Mayi ake okha ndi amene angaone. Ndayesa kamodzi pa nyuzipepala. Zikutheka.

11:45. Ndaipinda nyuzipepalayo, ndaitaya.

Ndimuuza chiyani? Kuti Bong ananditonza za supu? Mwana amene ndinamugulira gulovu yake yoyamba. Ndiyambe ndi "Du-ho, nkhata ija" kenako

Agogoda khoma. Katatu.