Bambo anga akuwawitsa mchere, makasitomala akuthawa

Aphungu,

Kalatayi ndakhala ndikuilemba n'kuing'amba kwa milungu itatu. Lero ndangoti ipite mmene ililimu, chifukwa ndatopa.

Ndine mayi wa zaka 34, wa ana awiri. Ndimagwira ntchito pamalo owotchera nyama a bambo anga, m'mbali mwa msewu, pakati pa shopu yowotcherera zitsulo ndi ya telala. Si malo aakulu ayi: denga la malata, mabenchi anayi, furiji imodzi, ndi dilamu lodula pakati lomwe bambo anaikapo waya ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Bambowo anthu amawatcha a Makala. Ine ndimadula anyezi ndi matimati, kutsuka mbale ndi kulandira anthu. Iwo akakhalapo, pamoto sipafika wina, ndi pawo.

Mumsewu mwathu munali malo otere asanu, tatsala awiri. Zomwe zinagwetsa anzathuwo nafenso zimatipeza. Makala akwera, nyama kubutchala yakwera, koma ukangokweza mtengo wa mbale munthu amakuyang'ana ngati wamutukwanira mayi ake. Magetsi akazima tsiku lonse, za mufuriji zimapita kudzala. Mvula ikagwa palibe amaima. Anthu amadya nyama sabata yolandira, masabata atatu enawo timangokhalira kuingitsa ntchentche. Zonsezi tinazizolowera, ndipo chomwe chinkatipulumutsa ndi dzanja la bambo. Munthu ankatsika basi asanafike kwawo kuti adye kaye nyama ya a Makala, kwinako n'kuyenda wapansi.

Chaka chatha bambo anadwala chimfine choopsa, anagona milungu iwiri. Anachira n'kubwerera pamoto, koma lilime lawo silinabwerere nawo. Ndinayamba kuonera pa tiyi. Ankathira masupuni asanu a shuga n'kumadandaula kuti, "Shuga wa masiku ano ndi mchenga weniweni." Tinkaseka. Kenako zinafika pa nyama. Bambo sayeza mchere, amatapa ndi zala, kuwaza, kudula kanthuli n'kulawa. Kale akalawa kamodzi zatha. Pano amalawa, kukwinya nkhope, kuwazanso, kulawanso, kuwazanso. Aphungu inu, nyama ikamafika pambale imakhala itawawa mchere moti milomo imachita kung'ambika.

Chondipweteka n'chakuti anthu sanena. Kasitomala sakangana nawe. Amangoti, "Zikomo a Makala," kupempha madzi kapu yachiwiri, basi wapita, sudzamuonanso. Ndimatola mbale zili ndi theka la nyama. Amene wanenepa pamalo pano ndi galu wa telala yekha. Bambo amati olakwa ndi mayi wa tsidya la msewu amene amawotchera pa gasi n'kumatsegula wailesi mokweza, akuti anthu a masiku ano amadya phokoso.

Mwezi wathawu ndinachita mantha enieni. Magetsi anazima m'mawa mpaka mawa lake. Nditatsegula furiji fungo linachita kundibweza m'mbuyo. Bambo ananyamula mwendo wa mbuzi, kuununkhiza bwinobwino, n'kunena kuti, "Ili bwino iyi, bweretsa mpeni." Awatu ndi bambo amene kale ankakana nyama kubutchala atangoima pakhomo. Atapita kuseri ndinaitaya yonse. Anandikalipira pamaso pa anthu kuti ndine wowononga, ine ndinangowerama n'kumatsuka mbale.

Tsono nali tchimo langa. Lachiwiri ndi Lachisanu bambo amapita kukagula makala, amabwera cha m'ma 2 koloko masana. Masiku amenewo pamoto ndimaima ndine. Sindifika pa iwo, moto umandivuta, nyama ina ndimapsereza, koma mchere umakolera. Makasitomala akale anazitulukira. Dalaivala wina wa minibasi amasuzumira kaye n'kufunsa chapansipansi, "Akuluakulu alipo?" Ndikati kulibe, amaimbira anzake. Masiku awiri amenewo ndi omwe akutidyetsa.

Bambo si opusa. Sabata yatha tikuwola phulusa anandifunsa osandiyang'ana, "Iwe, bwanji nyama imatha ine ndikachokapo? Kodi anthuwa akuthawa ine?" Ndinati, "Ayi bambo, zimangochitika." Anangoti, "Chabwino." Ndinanama, Aphungu, ndipo bodza limenelo likundidya mumtima mpaka lero. Mawa lake anapita kwa mwini malo amene timamulipira lendi kukanena kuti kumapeto kwa mwezi wamawa abweza makiyi. Akuti ntchito ya nyama inatha, dziko linasintha.

Mayi akuti ndisayerekeze kuwauza. "Ukufuna uwaphe bambo ako?" Achimwene anga, omwe chibadwire sanatsukepo mbale imodzi pano, akuti titseke basi, madala akapume. Akapume kuti? Tsiku limodzi lokha akakhala pakhomo amayamba kukonza zitseko zosawonongeka.

Ndingamuuze bwanji munthu amene wanyadira lilime lake zaka makumi atatu kuti lilimelo silikugwiranso ntchito? Kapena ndingosiya titseke, achoke ndi ulemu wawo? Mutu wanga waima. Ndithandizeni.

T.M., wa m'mbali mwa msewu waukulu

Mayi T.M.,

Pepani, mwasenza katundu wolemera nokha kwa nthawi yaitali. Koma ndinena mosapsatira: auzeni bambo anu, ndipo muwauze sabata ino.

Makalata a anthu owotcha nyama ndimalandira ambiri, ndipo ochuluka amandisowetsa chonena. Sindingatsitse mtengo wa makala, sindingayatse magetsi, sindingaletse mvula. Zimenezo zatsekadi malo ambiri abwino. Koma chomwe chikutseka anuwa chimakwana m'supuni, ndiye zingakhale zomvetsa chisoni kubweza makiyi chifukwa cha nkhani yoti ikhoza kukonzedwa.

Mukuti mukuteteza ulemu wawo. Ulemu wake uti? Dalaivala akudziwa, anzake akudziwa, mosakayika telala naye akudziwa. Msewu wonse ukunong'onezana za bambo anu iwo ali pomwepo akukupiza moto. Ndipo kuti anthu akuwathawa aona kale okha. Chomwe akusowa n'chifukwa chake, ndiye adzipezera chawo choipa kuposa choonadi: kuti akalamba, anthu atopa nawo, alibenso ntchito. Munthu wamkulu safunsa mwana wake funso ngati lija mongocheza. Anafuna yankho, inu munawamana.

Yambani ndi mayi anu. Akuyankhula ndi mantha, osati nkhanza. Akumbutseni za mwendo wa mbuzi uja, ndipo afunseni kuti zikanatha bwanji mukanakhala kuti tsiku limenelo munapita kusikelo ndi mwana. Achimwene anuwo asiyeni kaye, nkhani ya malo omwe sagwirapo ntchito adzaimva ikatha.

Bambo mukayankhule nawo kunyumba, muli awiri, osati pamoto pomwe pali maso a anthu. Musayambe ndi makasitomala. Yambani ndi bodza lanu: "Bambo, munandifunsa funso, ine ndinakunamizani." Kenako nenani za tiyi, za furiji, ndi zoti zonsezi zinayamba atadwala. Akatsutsa, musalimbane nawo. Dulani anyezi, tengani sopo, muwapemphe atsinzine n'kununkhiza, anene okha kuti ichi n'chiyani. Zina munthu amazikhulupirira akazigwira yekha. Mukatero pitani nawo kuchipatala. Kusamva fungo ndi kukoma pambuyo pa matenda ndi vuto la thupi ngati lina lililonse. Ena zimabwerera, ena ayi, adokotala ndiwo anganene. Akawayezenso kuthamanga kwa magazi, chifukwa mchere wonse akulawawo ukupita m'thupi mwawo.

Musawachotse pamoto. Mwavomera nokha kuti inu mumapsereza, ndiye musadzimve katswiri msanga. Maso awo, makutu awo ndi zala zawo sizinadwale, amadziwabe nyama ikafuna kutembenuzidwa. Iwo agwire moto, inu mugwire mchere ndi furiji. Pezani muyeso wa supuni pa kilo imodzi, muzilawa ndinu, iwo akuuzeni mmene inkakomera kale. Za furiji zokha musanyengerere. Nyama yowawa mchere imathamangitsa kasitomala, koma yowonongeka imamugoneka kuchipatala, ndipo malo amatsekedwa tsiku lomwelo.

Akavomera, mupite nonse kwa mwini malo mukapemphe kuti za makiyi ziyambe zaima. Dalaivala uja muuzeni kuti asiye kusuzumira, azingolowa. Sindikulonjeza kuti mabenchi adzaza mawa. Wothawa mwakachetechete amabwereranso mwakachetechete, mmodzimmodzi, ndipo makala adzakhalabe okwera mtengo. Mwinanso bambo atamva zonse adzasankhabe kutseka. Umenewo ndi ufulu wawo, bola asankhe akudziwa chomwe chachitika.

Yembekezani mkwiyo. Akhoza kukhala sabata osakuyankhulani, akhoza kukunenani kuti mukufuna kuwalanda malo. Pirirani, muzipitabe kuntchito m'mawa uliwonse n'kuwapatsa moni monga mwa masiku onse.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire tsiku labwino, silibwera. Mukazengereza, padzafika mlendo wosadziwa kuti a Makala ndi ndani, adzalavula nyama n'kunena mokuwa anthu onse akumva. Tsiku limenelo bambo anu sadzalimbana ndi mlendoyo. Adzatembenuka n'kuyang'ana inu, ndipo adzaona pankhope panu kuti munkadziwa.

Aphungu