Abwana Adina Batani Lotumizanso

Amuna anga,

Pepani, ndakusiyani mukuliza mkonono. Andiitana kuntchito, kwavuta.

Paja pulogalamu yathu imatumiza yokha maoda ku makompyuta a makampani amene timagulako katundu, ndipo kompyuta ya kumeneko imayankha kuti "ndalandira". Dzulo ya kukampani ya matayala inachedwa kuyankha. Abwana athu aja, amene anapita kusemina ya makompyuta n'kubwerako ndi tisheti yokha, m'malo mondifunsa anayamba kudina batani lotumizanso ngati munthu wotsegula m'mimba akugogoda pachimbudzi. Kudina kulikonse kunali oda yatsopano, ndipo kompyuta siifunsa kuti "Kodi mwapenga?"

Panopa malole a matayala afola kuyambira pageti mpaka pamphambano, madalaivala akukana kubwerera, ndipo abwana akuuza aliyense kuti ine ndiye sindinakonze bwino makina. Ndikapanda kuletsa maoda otsalawo m'mawa uno, Lolemba tikhala tonse pakhomo, tizidya matayala.

Tsono inu, mwana akadzuka mum'mwetse mankhwala a chifuwa, ali pamwamba pa filiji. Zovala zili m'beseni, sizidziyanika zokha.

Mukawerenga munditumizire uthenga woti "ndalandira". Ndimakudziwani, inu ndi kompyuta ya matayala ija ndinu pachibale. Mukangokhala chete, nane ndidina batani lotumizanso, koma uthengawo upita kwa amayi anu. Ndipo mukudziwa kuti iwo akafika pageti, nawonso sabwerera.

Ndine mkazi wanu, pakadali pano wapantchito.