Chambiko Changa ndi Matenda a Bambo a Phoebe

Lolemba, 6 Juni 2016

Zotsatira zatuluka ku chipatala cha Queens. Khansa. Ya pulositeti, kachiwalo ka amuna pansi pa chikhodzodzo. N'chifukwa chake mkodzo wakhala ukuwavuta amuna anga. Tinakwera minibasi mpaka pa siteji ya Bangwe. Titatsika, bambo a Phoebe n'kundifunsa ngati mkaka wa lero ndawiritsa. Munthu ameneyu.

Lachinayi, 9 Juni

Alamu anga a Jesinta abwera foni ili m'manja. Uthenga wa pa WhatsApp, akuti mkaka umadwalitsa amuna khansa. Sanakhale n'komwe pansi. "Achimwene anga mwawamwetsa chambiko chiyambire ukwati, lero ndi izi." Ine ndinangogwira chitseko. Kumwa amamwadi, m'mawa kapu, madzulo kapu. Chambiko ndiye ntchito yanga, n'chimene chaphunzitsa Phoebe mpaka fomu folo. Ndiye kuti ndi manja angawa?

Lamulungu, 12 Juni

Nkhani yafika kale kumphakati wathu wa kutchalitchi. Mabotolo a dzulo theka abwerera. Mayi wa tomato woyandikana nane pamsika akuti waletsa ana ake kumwa chambiko. Kunyumba ndawachotsera mkaka bambo. Tiyi wamadzi okha. Anamuyang'ana, n'kumwa. Buluku layamba kukhwepa m'chiuno.

Lachiwiri, 21 Juni

Kuchipatala, a Jesinta anatiperekeza. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa adokotala, mayi wachitsikana ndithu. Sanandiseke. Akuti ofufuza ena anaona kuti amuna omwa mkaka wochuluka kwambiri amadwalako matendawa kuposa anzawo pang'ono, koma nkhaniyo sinatsimikizike. Pa khansa ya m'matumbo akuti mkaka umaoneka ngati ukuteteza. Chachikulu ndi msinkhu ndi kumtundu. Anafunsa za apongozi anga aamuna. Oyankha anali a Jesinta: bambo awo anamwalira kumudzi ku Nsanje mkodzo utatseka, osauza munthu mpaka mochedwa.

Adokotala n'kutembenukira kwa ine: "Musawamane chakudya, akuonda. Kapu imodzi si mlandu."

Ndinakalira pakhonde la chipatala. Kulira kopepuka.

Lachisanu, 15 Julayi

Masabata a mizere ndi jakisoni, cholembera osachigwira. Paipi ya mkodzo imene anawaika kuchipatala aichotsa lero. Bambo atuluka m'chimbudzi akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Malonda akubwerera pang'onopang'ono. A Nasima a pagolosale sanasiyepo kuoda, Mulungu awadalitse. A Jesinta atumiza nkhuku m'malo mwa mawu. Ndalandira.

Lamulungu, 7 Ogasiti

Zodabwitsa. Bambo a Phoebe, munthu amene amakana ndi kutsogolera pemphero la chakudya komwe, wapempha kwa bambo mfumu kanthawi Misa ikatha, kuti alankhule ndi azibambo okhaokha. Za kukayezetsa. Za mkodzo, pagulu! Ndinawafunsa ngati sachita manyazi. Akuti manyazi ndi amene anaika bambo awo m'manda. Dzulo tsiku lonse kuyeserera mawu kuseri kwa nyumba, akalakwitsa n'kuyambiranso moni. Akundiitana. Akuti kolala ya malaya oyera aja sindinaisite bwino, ndipo belu loyamba lalira kale