Makobidi a padenga la amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kasina tilipo, kungoti amayi chifuwa chawavuta ndi kuziziraku.

Ine mtima sukukhazikika. Mzungu wosonkhanitsa ndalama zakale uja waumirira makobidi obowoka pakati amene malemu abambo anaveka misomali pokhoma malata kuti denga lisadonthe. Akuti watumiza kale ndalama kudzera kubanki, ndiye ndiwazule ndimutumizire. Ndapita kubanki ku boma katatu, koma palibe chalowa. Ogwira ntchito kubankiko akungoti zochokera kunja zimachedwa.

Amayi akungondifunsa kuti, “Ukawazula, mvula ikabwera ndigona pati?”

Chonde muimbireni munthuyo, poti munamupeza ndinu. Ine padenga sindikwera ndalamazo ndisanazigwire m'manja.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati