Wandifufutira dzina la mng'ono wanga

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi mkwiyo waukulu. Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, koma mtima wanga uli ku mpira. Osati wa pa kanema uja ayi, koma wa kwathu kuno, wa m'mabwalo afumbi momwe magolo ake ndi mitengo ya bulugamu. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuyenda ndi jezi yoyera, ndipo mpira ukatha ndimapempha osewera kuti asainepo ndi cholembera chomwe ndimalembera matumba. Anthu amandiseka kuti ndimasainitsa anyamata omwe mawa lake ndimawapeza akukweza kabichi m'lole. Asiyeni aseke.

Pachifuwa pa jeziyo panali siginecha ya mng'ono wanga Chrispine, goloboyi wa timu ya ku Mlangeni, yemwe anatisiya chaka chatha. Ndinkaisunga pansi pa sutikesi, ndipo za mpira sindikamba ndi akazi.

Kumapeto kwa mwezi uno kuli mwambo wa chiliza cha Chrispine. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kumsika, ndinangoona jeziyo ili pachingwe, yoyera mbee! Mkazi wanga Zelesi anainyika m'mankhwala oyeretsera zovala n'kuichapa. Atandiona anachita kumwetulira, amvekere: "Bambo a Thokozile, ndati mukavale yoyera kuchiliza kwa alamu. Inki ija inavuta, koma yachoka."

Yachoka! Aphungu, ndinalusa. Ndinamunena kuti ndi mbuli, anthu a nyumba zoyandikana akumva. Anabereka Thokozile kumbuyo n'kupita kwawo ku Bwanje. Ankhoswe akuti ndikapepese Loweruka likudzali, apo ayi banja latha. Ndikapepese ine? Walakwiridwa ndani apa? Munthu angakhale nawe m'nyumba zaka zonsezi osadziwa chomwe umachikonda?

G.M., Lizulu

A G.M.,

Pepani. Dzanja la Chrispine silidzalembanso, ndipo ululu umenewo palibe angauchepetse. Koma inenso mwandikwiyitsa.

Funso lanu lomalizalo ndikubwezerani. Akanadziwa bwanji? Ine mlendo mwandifotokozera bwinobwino za jeziyo, koma mkazi wanu munamubisira pansi pa sutikesi, chifukwa eti za mpira simukamba ndi akazi. Iye anaona chovala chothimbirira chomwe mwamuna wake amachilemekeza, n'kuganiza zoti mukaoneke bwino pa tsiku la mlamu wake. Zala zinatupa akupikicha inki, malipiro ake n'kutchedwa mbuli pagulu. Mbuliyo anaipanga ndinu.

Musadikire Loweruka. Kupepesa kochita kukokedwa ndi ankhoswe sikukoma. Uzani ankhoswe anu lero kuti mwavomera kulakwa, munyamuke nawo wa ku Bwanje. Mukapepese osaikamo mawu akuti "koma". Mukatero mukamuuze Zelesi zomwe mwandiuzazi, ngakhale misozi ituluke. Akabwerera, omwe anamva chipongwe aja amvenso kupepesa kwanu.

Za jezi, osewerawo sanapite kutali, mwanena nokha kuti mumawapeza pa lole ya kabichi. Anzake a Chrispine akabwera kuchiliza. Mukavale jeziyo yoyera choncho, monga anafunira Zelesi, mutenge cholembera cha inki yosachoka, ndipo mwambo ukatha asaine onse. Pachifuwa pokha pasalembedwe kanthu. Aliyense wofunsa chifukwa chake, mudzamuuza za goloboyi wa ku Mlangeni, ndipo dzina lake lidzamveka kuposa muja linkagonera m'sutikesi.

Koma chenjerani, bambo. Jezi yafufutika mwangozi, pomwe banjali mukulifufuta nokha, masana, maso ali gwa. Mukaumirira kuti wolakwiridwa ndinu, mudzaima pa chiliza cha mng'ono wanu nokhanokha, ndipo Thokozile adzakula akumva kuti bambo ake anasiya mayi ake chifukwa chowachapira malaya.

Aphungu